Wobayitsa Amadwala Koma Amapulumuka

Mkonzi,

Yandikwiyitsa kalata ya bambo wina wonena kuti katemera wa Covid-19 ndi wachabechabe poti ena obayitsa anadwalabe. Bambo inu, anakuuzani ndani kuti katemera amatsekereza kachilombo pakhomo? Ntchito yake yaikulu ndi kuphunzitsa thupi kukazindikira msanga, kuti kakalowa kasafike poononga mapapo. Wobayitsa amatha kutsokomola masiku angapo n'kubwerera kunyanja kukakoka khoka. Amene ali pachiopsezo chachikulu chothera pa okosijeni ndi wosabayitsa, makamaka wachikulire, wa shuga kapena wa BP.

Mwaiwala kale za 12 Januwale 2021? Nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, katemera asanafike m'dziko muno. Katemerayo anafika mu Malichi. Pofika Meyi, boma linawotcha katemera woposa 19,000 wotha mphamvu, mwa zina chifukwa mphekesera ngati zanuzi zinkaopseza anthu.

Kuno kwathu, gogo akabanika pakati pa usiku, kupeza galimoto yowathamangitsira kuchipatala cha boma ku Mangochi si masewera. Ndiye inu muziwauza kuti asabayitse? Lekani kusocheretsa makolo athu. Amene ali ndi mafunso akafunse azaumoyo kuchipatala.

Wowerenga wanu,
Lungwena, Mangochi