Penti wa pa zitsulo za jimu yapakhomo, mwamufufuza?

Si aliyense angakwanitse kulipira jimu mwezi ndi mwezi. N'chifukwa chake ku Ndirande, ku Area 25 ngakhale kumudzi mupeza achinyamata akunyamula zitsulo zopanga okha: simenti youmba m'zitini, paipi pakati, benchi yowotcherera kwa mmisiri wa pamsika. Luso limeneli ine ndimalikonda. Nkhawa yanga ili pa zomwe timapaka kuti zitsulozi zisachite dzimbiri.

Penti wa mafuta, makamaka wachikasu, wofiira ndi wa olenji, nthawi zina amakhala ndi mtovu, womwe pachingerezi amati lead. Mu 2020 bungwe la LEEP litayeza mapenti ogulitsidwa m'Malawi muno, linapeza mtovu wochuluka m'mapenti ambiri a mafuta, ndipo a Malawi Bureau of Standards anayamba kukhwimitsa zinthu. Pano kwasinthako ndithu, koma chitini chakale chomwe mwatola kuseri kwa nyumba sichinasinthe nawo. Chimodzimodzi chitsulo chogula kwa a sikirapu, chomwe simudziwa anachipaka chiyani.

Mtovu sulowa kwenikweni pakhungu, njira yake ndi pakamwa ndi m'mphuno. Chitsulo chikamamenyetsedwa pansi tsiku ndi tsiku, penti amasupuka n'kusanduka fumbi. Fumbilo limamatirira m'manja mwathukuta, kenako mwagwira mandasi osasamba. Inu mwina thupi lanu lipirirako kanthawi. Nanga mwana wa achemwali amene amakwawa pomwepo n'kumaika zala mkamwa? Bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu umene uli wabwino m'thupi, ndipo kwa mwana umawononga ubongo mosabwezeka. Amayi oyembekezera nawonso asayandikire fumbi lotere. Ngati mukuchotsa penti wakale, musamuwotche kapena kumupala ali wouma. Nyowetsani kaye, palirani panja, zopalazo muzitaye kutali ndi ana.

Ena amangopaka oilo wakuda wochoka mu injini, amvekere ndi waulere. Ayi ndithu. Oilo ameneyu amakhala ndi zinthu zoyambitsa khansa ya pakhungu mukamamugwira nthawi yaitali, komanso amaterera. Makilogalamu 40 ali pamwamba pa chifuwa, dzanja likaterereka palibe woti pepani.

Ndiye tipake chiyani? Pa simenti, penti wa madzi ndi wokwanira. Pa benchi gulani penti watsopano wa zitsulo, wolembedwa kuti mulibe mtovu, mupakire panja ndipo mudikire aumiretu mpaka fungo litatha. Musanapake, yang'anitsitsani mowotchereramo, chifukwa penti wokhuthala amabisa ming'alu. Pogwira manja pokha ine ndimati pasiyeni opanda penti. Muzipukutapo thukuta mukamaliza, chitsulo chizigona pouma, ndipo dzimbiri likayamba kuonekera, kabulashi ka waya kamachotsa m'mphindi zochepa chabe.