Ng'oma Yoitanira Anthu ku Njala ya Anzawo

Makolo ambiri kuno ku Chisepo sakondwa akaona mwana wawo atakoleka gitala paphewa. Amati nyimbo za magitala amagetsi ndizo chiyambi cha ulesi, mowa ndi kugona kunja, ndipo sitingakane kuti nthawi zina mantha awowo amapherezera. Koma mwezi uno tifuna tikambe za tsiku limene phokoso lomwelo linadyetsa anthu anjala, kuti tione chimene makolo ndi ana omwe angatolepo.

Kuyambira 1983 kufikira 1985 ku Ethiopia kunagwa njala yoopsa imene inapha anthu mazanamazana a zikwi. Mu Okutobala 1984 mtolankhani wa BBC, Michael Buerk, anaonetsa pa wailesi yakanema khamu la anthu amene anasonkhana ku Korem kudikira chakudya, ana akufera m'manja mwa amayi awo. Mmodzi wa oonerera anali Bob Geldof, woyimba wa ku Ireland. Iye pamodzi ndi mnzake Midge Ure anamemeza oyimba anzawo, najambula nyimbo yogulitsa kuti ndalama zake zipite kwa anjalawo. Ataona kuti anthu alabadira, anakonza chinthu chachikulu koposa.

Pa 13 Julayi 1985 panachitika chisangalalo cha nyimbo chotchedwa Live Aid, m'mabwalo awiri tsiku limodzi: ku Wembley mu mzinda wa London, kumene kunasonkhana anthu 72,000, ndi ku Philadelphia m'dziko la America. Nyimbo zinalira kwa maola 16. Magulu otchuka monga Queen ndi U2, ndiponso David Bowie ndi Paul McCartney, anayimba osalandira malipiro. Phil Collins atayimba ku London anakwera ndege ya Concorde nakayimbanso ku Philadelphia tsiku lomwelo. Anthu oposa biliyoni imodzi anaonerera pa kanema, ambiri natumiza zopereka, ndipo ndalama zonse zitasonkhanitsidwa zinapitirira mapaundi 100 miliyoni. Zina zinagula chakudya ndi mankhwala, zina magalimoto onyamulira chakudyacho.

Phunziro loyamba ndi la ife makolo. Luso la mwana lili ngati khasu: likhoza kulima, likhozanso kutema munthu. Oyimba aja sanali alaliki, ndipo makhalidwe a ena mwa iwo sitingawayamikire kwa ana athu; koma tsiku lijalo anachita chimene olemera ambiri analephera. Makolo athu akale ankadziwa zimenezi. Munda ukakula udzu ankaitana dima, ndipo nyimbo ndiyo inkatsogolera makasu. Mutu umodzi susenza denga, koma mituyo siisonkhana yokha, pafunika woimemeza.

Phunziro lachiwiri ndi la inu achinyamata, ndipo ndi lowawa. Njala ya ku Ethiopia siinadze chifukwa cha chilala chokha. Kunali nkhondo ku Tigray ndi ku Eritrea, ndipo boma la Mengistu Haile Mariam linkasamutsa anthu mokakamiza kuchoka kwawo. Bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières litadzudzula kusamutsako, linapirikitsidwa m'dzikomo kumapeto kwa 1985. Gitala sakanatha kuletsa nkhondo. Anthu anadandaulanso kuti oyimba a mu Africa muno sanapatsidwe malo oonekera pa tsikulo, ngati kuti ife ntchito yathu ndi kutambasula dzanja basi. Geldof mwiniyo anazindikira kuti chopereka cha tsiku limodzi sichikwanira. Pa 2 Julayi 2005 anakonzanso zisangalalo za Live 8 m'mizinda ingapo, Johannesburg ali pomwepo. Ulendo uno sankapempha ndalama, koma ankaumiriza atsogoleri a maiko olemera, amene ankakumana ku Gleneagles ku Scotland, kuti akhululukire ngongole za maiko osauka. Mu 2006 Malaŵi anakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole zake zakunja.

Nanga ife a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi? Njala sitichita kuimva pa wailesi. Tikumbuka 2002, pamene chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, ndipo Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi. Anthu anadya madeya ndi zitsinde za nthochi, anagulitsa mbuzi pa mtengo wa nkhuku, ndipo ogwidwa akuba chimanga chachiwisi anamenyedwa mopanda chisoni. Chithandizo chakunja chinadza ndithu, ndipo tithokoza, koma chinapeza ena ataikidwa kale m'manda. Mlendo ndi mame; sitingamange nyumba pa iye.

Tsono ng'oma yathu tiyimbe tokha, ndiponso pa nthawi yake. Nthawiyo si Januwale, pamene nkhokwe zayera, koma Meyi ndi Juni, pamene ogula chimanga amangirira masikelo awo m'misika namagula motsika mtengo. Makwaya alipo pa mpingo uliwonse, anyamata a magitala ndi ng'oma alipo m'mudzi uliwonse. Akonze tsiku la nyimbo masana, pabwalo loonekera, makolo alipo. Pakhomo munthu alowe ndi mbale ya chimanga, nyemba kapena mtedza. Zosonkhazo zithiridwe mankhwala, zisungidwe m'nkhokwe imodzi, makiyi akhale kwa anthu atatu, ndipo zonse zilembedwe m'buku lowerengedwa pamaso pa anthu. Pofika miyezi ya njala, agogo olera ana amasiye, odwala ndi olumala alandire poyamba, osayang'ana mpingo kapena chipani chawo.

Pa bukulo ndi pamene pagona nkhani. Kuyimba n'kokoma ndipo kumatha dzuwa likalowa. Kuwerenga matumba, kupha anankafumbwe ndi kukaniza mbale wako amene sali pa mndandanda ndiyo ntchito yosaomberedwa m'manja. Achinyamata atibwereke mawu awo, makolo tiwabwereke kukhulupirika kwathu. Akulu anati kupatsa n'kuika. Mbale ya chimanga imene tipereka mu Juni ikhoza kudzabwerera pakhomo pathu pomwe mu Febuluwale.