Timu ndi yathu, nanga ngongole ndi ya yani?

Woimbira akaliza wezulo yomaliza pabwalo la pa boma, mpira weniweni umakhala utangoyamba kumene. Masewero achiwiriwa amachitikira pa golosale, pa bawo, pa siteji ya akabaza ndi m'nyumba zoonetsera kanema. Mmenemo mulibe woimbira, mulibe khadi lofiira, ndipo mafunso amakhala atatu omwewo chaka ndi chaka: kodi timu ino mwini wake ndani, ndalama za pageti zimapita kuti, nanga bwalo lomwe akuluakulu akhala akulonjeza lidzamangidwa liti?

Wina angaganize kuti awa ndi macheza chabe a anthu osowa chochita. Koma timu ya pa boma si ya okonda mpira okha. Tsiku lomwe Bullets kapena Wanderers yafika, mayi wa mandasi amaweruka dengu lili mbee dzuwa lisadapendeke. Wa chimanga chootcha, wa chipisi, wa kabaza ndi mwini resitihausi onse amagona akumwetulira. Osewerawo ndi ana a m'makomo momwemo, ena ali ndi mabanja ndipo amakhala m'nyumba za lendi. Timu ikagwa, imagwera anthu ambiri omwe sadziwa n'komwe kuti ofusayidi n'chiyani.

Masapota amagawika pawiri. Gulu loyamba limati timu iperekedwe kwa mpondamatiki kapena kampani, chifukwa komiti yosankhidwa pamsonkhano yatopetsa ndi mbale yopemphetsa. Gulu lachiwiri limati timu ndi ya anthu, idayambira pa fumbi la pa sukulu, ndipo siingagulitsidwe ngati mbuzi pamsika. Magulu onsewa ali ndi mfundo, koma lililonse limabisa mbali yomwe ikuliwawa.

A gulu loyamba amaloza matimu akuluakulu. Kampani ya Nyasa Manufacturing idalowa ku Bullets mu 2016 ngati yothandiza, kenaka idatenga umwini wa timuyo, ndipo zikho zidayamba kubwera motsatizana. Nayo Wanderers idasanduka kampani mu 2021 motsogozedwa ndi Thomson Mpinganjira, thandizo la kampani ya ku Japan ya Be Forward litatha. Palibe angatsutse kuti wosewera yemwe walandira malipiro pa nthawi yake amathamanga mosiyana ndi yemwe wagona ndi njala.

Koma mbiri ya mpira m'dziko muno ili ndi manda ambiri a matimu omwe adadalira thumba limodzi. MDC United idatenga ligi mu 1988, lero achinyamata ambiri sadziwa kuti kudali timu yotere. Escom United idatenga ligi mu 2007 n'kubwerezanso mu 2011, koma patangopita zaka zochepa dzina lake lidazimirira mu ligi yaikulu. Tigers, yomwe idali akatswiri mu 1989 pansi pa Admarc, yakhala ikusinthasintha maina malingana ndi yemwe wagwira chikwama. Ngakhale Bullets yomwe, mu 2004 ikutchedwa Bakili Bullets, idafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, koma thandizo la mtsogoleri wakale Bakili Muluzi litatha, timuyo idabwerera ku umphawi womwe idachokera. Ngati mitengo ikuluikulu yotere idagwedezeka, kuli bwanji kamtengo ka pa boma?

Pali chinanso chomwe ofuna mpondamatiki saganizira. Mwini timu ali ndi ufulu woinyamula n'kupita nayo komwe kuli anthu ambiri olipira pageti. Timu yomwe idakwera mu ligi yaikulu ndi dzina la Ekwendeni Hammers idadzasanduka Mzuzu City Hammers. Pa nkhani ya malonda, ganizo lotere ndi lomveka. Koma kwa mwana wa pa Ekwendeni yemwe ankanyadira kumva dzina la kwawo pawailesi, china chake chidachoka.

Tsono a gulu lachiwiri asafulumire kuomba m'manja. Mawu oti "timu ndi ya anthu" ndi okoma kuwatchula koma ambiri owanena sadaikepo ngakhale K500 ku thumba la timuyo. Sapota yemwe amalumpha mpanda, kapena kulowa ulere ponena kuti ndi wa m'komiti, ndi yemwenso amakhala patsogolo kutukwana osewera ndi kulamula kuti mphunzitsi achotsedwe. Ena amafika pofuna gawo la ndalama za pageti ati chifukwa adatopa ndi kuimba. Umwini wotere ndi wa pakamwa. Mwini munda weniweni amadziwa mtengo wa feteleza, sadziwa kukoma kwa mondokwa kokha.

Ndipo mtengo woyendetsera timu ndi wozizitsa nkhongono. Timu ya ku Karonga ikamapita kukasewera ku Blantyre imayenda makilomita oposa 800 kupita kokha. Pamafunika basi ndi mafuta, malo ogona anthu pafupifupi 30, chakudya cha masiku angapo ndi alawansi. Kunyumba kukudikira malipiro a mwezi, mipira, nsapato, mankhwala a wovulala ndi ndalama zolembetsera osewera. Pomwe ndalama za pageti sizilowa zonse m'thumba la timu. Apolisi, oyang'anira pakhomo ndi osindikiza matikiti amayamba alipidwa, zotsalazo n'kugawidwa pakati pa matimu awiriwo, mwini bwalo ndi mabungwe oyendetsa masewero. Matimu awiri ang'onoang'ono akakumana pakati pa sabata, zomwe timu imatenga nthawi zina sizikwana n'kugula mafuta obwererera.

Apa ndi pomwe pamalowera munthu mmodzi wachifundo, kawirikawiri wapampando, yemwe amatulutsa za m'thumba mwake kuti ulendo utheke. Masapota amamutamanda, koma palibe amafunsa ngati ndalamazo ndi mphatso kapena ngongole. Tsiku lomwe akangana naye, iye amatulutsa kope losonyeza kuti timu ili naye ngongole ya mamiliyoni, basi ndi yake, ngakhale yunifomu ndi yake. Pamenepo mkangano wa umwini umakhala utatha kale popanda msonkhano uliwonse.

Choncho funso loyenera si loti timu ikhale ya munthu mmodzi kapena ya anthu. Funso ndi loti zolembedwa zili kuti. Kodi timuyo idalembetsedwa mwalamulo, ndipo m'dzina la yani? Kodi ili ndi akaunti ku banki kapena ndalama zimasungidwa pa foni ya msungichuma? Amasainira ndani? Msonkhano waukulu wa pachaka udachitika liti komaliza, ndipo adawerengapo lipoti la zachuma? Bungwe la FAM lili ndi ndondomeko yopereka ziphaso ku matimu, yomwe imafuna zinthu ngati makontirakiti a osewera ndi malipoti a zachuma. Masapota ali ndi ufulu wopempha kuti zomwe akuluakulu amatumiza ku Chiwembe aziwerengenso pamaso pa anthu a pa boma.

Pa nkhani imeneyi abambo a mpira akadaphunzira kwa amayi awo. Gulu la banki m'khonde limasunga ndalama m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limatsekulidwa aliyense akuona. Wobwereka amalembedwa, wochedwa amalipira chindapusa, pakutha pa chaka aliyense amadziwa gawo lake. Amayi ambiri a m'magulu amenewa sadapite patali ndi sukulu, koma mabuku awo ndi olongosoka kuposa a matimu ena omwe m'komiti mwake mwadzaza anthu a mataye.

Nkhani ya bwalo ndiyo imatenthetsa mitu kwambiri, makamaka chisankho chikayandikira. Wofuna mpando amafika ndi chithunzi cha bwalo la mipando yamitundumitundu ndi magetsi ausiku, anthu n'kuvina. Masapota akumbuke kuti mu 2019 Pulezidenti Peter Mutharika adalonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers mabwalo awoawo mumzinda wa Blantyre. Ntchito idayambika, koma pofika 2024 padalibe timu mwa ziwirizi yomwe idali itasewerapo pa bwalo lakelo. Ngati lonjezo la mtsogoleri wa dziko kwa matimu otchuka chotere lidatenga zaka, la phungu kwa timu ya pa boma liyenera kumvedwa ndi khutu limodzi.

Matimu ambiri ang'onoang'ono amasewera pa mabwalo a khonsolo, monga ku Karonga, Dedza, Rumphi ndi Mulanje. Palibe chochititsa manyazi pamenepa. Chomwe timu ikufunika ndi mgwirizano wolembedwa ndi khonsolo, wonena zaka zomwe igwiritse ntchito bwalolo, yemwe azithirira kapinga, ndi gawo la ndalama za pageti lomwe lizibwerera kukakonza malowo. Bwalo la msonkhano wa chipani Lachisanu, ukwati Loweruka ndi mpira Lamulungu silingakhale ndi udzu. Zoyamba kufunika si denga la alendo olemekezeka ayi, koma mpanda wolimba woti aliyense alowere pageti, madzi, zipinda zosinthira ndi zimbudzi zoti mayi angabwere ndi ana ake osachita mantha. Zimenezi zikasowa, oyendera mabwalo amatseka, timu n'kumakasewerera masewero a pakhomo ku boma lina, ndalama n'kumathera mumsewu.

Okonda mpira wa ku Mangalande akudziwa nkhani ya Wimbledon, timu ya mumzinda wa London yomwe idagonjetsa Liverpool mu ndime yomaliza ya FA Cup mu 1988. Mu 2002 eni ake adaloledwa kuisamutsira ku Milton Keynes, mtunda wa makilomita pafupifupi 90. Masapota sadathere pa kulira. Adayambitsa timu yawo, AFC Wimbledon, n'kuyambira pansi penipeni. Mu 2011 idafika mu ligi ya matimu olipidwa, ndipo mu 2020 idalowa m'bwalo lake la Plough Lane, lomwe mbali ina ya ndalama zake adabwereketsa ndi masapota omwewo. Zidawatengera zaka 18. Ku Germany nako kuli lamulo loti m'matimu ambiri mamembala ndiwo azikhala ndi mavoti ochuluka, ngakhale wamalonda athiremo ndalama zambiri bwanji.

Mthumba mwa Mmalawi simufanana ndi mwa Mngelezi, koma masamu ake ndi amodzi. Anthu 2 000 atamapereka K1 000 pamwezi, timu ingamapeze K2 miliyoni mwezi uliwonse. Ndalamazi sizingayendetse timu ya mu ligi yaikulu pazokha, koma zimapatsa masapota mpando pa tebulo. Munthu wa khadi la umembala akafunsa za lipoti la zachuma, funso lake limalemera kuposa la wongokuwa kuseri kwa golo.

Wamalonda wofuna kuthandiza alandiridwe ndi manja awiri, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma asadapatsidwe makiyi, pakhale pepala losainidwa lonena kuti dzina la timu, mtundu wa yunifomu ndi boma lomwe imasewerera sizingasinthidwe popanda chilolezo cha mamembala, kuti ndalama iliyonse yomwe waika yalembedwa ngati mphatso, ngongole kapena masheya, komanso kuti akafuna kuchoka adzanena nthawi ilipo. Wamalonda woona mtima sangakane zimenezi, chifukwa naye zimamuteteza ku gulu lomwe lingadzamuthamangitse timu ikagonja masewero atatu otsatizana.

Mkangano wa pa golosale upitirire, chifukwa timu yomwe anthu asiya kuikangana ndiye kuti yafa kale. Koma ufike pa msonkhano wokhala ndi mlembi, ndipo aliyense wofuna kuyankhula ayambe waonetsa khadi lake ndi tikiti ya masewero apitawo. Mnyamata yemwe wagoletsa chigoli Loweruka ali ndi landilodi yemwe akumudikira pa 30, ndipo landilodiyo salandira nyimbo za masapota.