Nyanja yathu ikusowa alonda

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa za umbanda wa pa nyanja yathu kudzera pa tsamba lino.

Owerenga anzanga akumbukira kuti mu June 2012 anthu oposa 40 a ku Ethiopia adamira m'boma la Karonga, bwato limene ankawazembetsera litagubuduka. Kuno ku Tukombo nako tili ndi zathu: maukonde ndi injini za maboti zimabedwa usiku. Msodzi wobedwa injini wabedwa chakudya ndi fizi ya ana ake.

Taonani zimene zidachitika ku nyanja ya mchere. Achifwamba a ku Somalia atalanda sitima ya asodzi yotchedwa Vega 5 kufupi ndi gombe la Mozambique mu December 2010, dziko la South Africa lidatumiza sitima yankhondo kukalondera kumeneko mu 2011. Mu February 2012 maiko a Mozambique, Tanzania ndi South Africa adasainirana pangano lolondera nyanjayo pamodzi. Adadziwa kuti mutu umodzi susenza denga.

Chondidabwitsa n'chakuti Mozambique ndi Tanzania omwewo ndi amene ali kutsidya kwa nyanja yathu, koma ife kuno sitinaonepo bwato la apolisi a maiko atatuwa likulondera pamodzi. Chimodzi chotchinga ndi mkangano wa malire ndi Tanzania. Dziko lathu limaima pa pangano la Heligoland la 1890, ndipo zokambirana zimene adatsogolera a Joaquim Chissano zidaima mu 2014. Pamene akuluakulu akukangana za mapu, wakuba amangowoloka, wapulumuka basi.

Pempho langa ku boma ndi ili: nkhani ya malire ikambidwe payokha, koma apolisi a maikowa azidziwitsana za maboti okayikitsa ndi kubwezerana katundu wobedwa. Apolisi athu a pa nyanja apatsidwenso maboti ndi mafuta.

Ifenso tisakhale manja lende. Makomiti a pa gombe alembe m'kaundula nambala ya injini iliyonse. Mafumu ndi abusa akumbutse anthu kuti kuyambira 2015 tili ndi lamulo loletsa malonda ozembetsa anthu. Wobwereketsa bwato lake kwa ozembetsa, kapena wogula injini yotchipa usiku, ndi mnzake wa mbavayo.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Tukombo, Nkhata Bay.