Mau a Woyera pa Makadi Obooka

Ana athu akamatamanda kompyuta, tiwauzeko za Bambo Roberto Busa, wansembe wa cipani ca aJezuiti ku Italy. M'caka ca 1949 iwo anapempha a Thomas Watson, mkulu wa IBM, kuti makina awathandize kundandalika mau a m'mabuku a Thomas Aquinas Woyera ndi alembi ena, mau opitirira mamiliyoni 10. Masiku amenewo makina ankawerenga makadi okhala ndi timabowo.

Nanga anaboola makadiwo ndani? Atsikana a ku Gallarate. Bambo Busa ankasankha osadziwa Cilatini, pakuti ocidziwa ankadzidalira, nalakwitsa kawirikawiri. Ife akatekisiti nthenda imeneyi timaidziwa bwino!

Mabuku onse 56 anatha kusindikizidwa mu 1980. Dzina la wansembeyo linachuka, koma maina a atsikana ambiri aja sadziwika kufikira lero.