Kodi kupanga mapulogalamu kungathetse mantha a masamu?

Ana ambiri amayamba kuopa masamu pamene zilembo x ndi y zilowa m'malo mwa manambala. M'dziko la America, aphunzitsi ena akulimbana ndi vutoli polola ana a zaka 11 mpaka 14 kupanga masewera ndi mapulogalamu awoawo a pa kompyuta.

Citsanzo codziwika ndi maphunziro a Bootstrap, amene Bambo Emmanuel Schanzer anayambitsa mumzinda wa Boston capakati pa zaka za m'ma 2000, monga maphunziro apadera ana akaweruka kusukulu. Pambuyo pace akatswiri a pa Brown University anagwirizana nawo pa nchitoyi.

Mwana amasankha yekha nkhani ya sewero lace, koma sewerolo silingayende popanda aljebra. Kuti cithunzi cisunthe, ayenera kulemba lamulo losintha nambala ya malo ace. Kuti cisatuluke kunja kwa galasi, ayenera kuyerekeza manambala awiri. Kuti kompyuta idziwe kuti zinthu ziwiri zagundana, ayenera kupeza mtunda wa pakati pace ndi lamulo la Pythagoras. Akalakwitsa, sewero limakana kuyenda bwino, ndipo amaona yekha pamene paphonyeka.

Komabe si pulogalamu iliyonse imene imaphunzitsa masamu. Cida ca App Inventor, cimene Google inatulutsa mu 2010 ndipo tsopano cili m'manja mwa MIT, cimalola mwana kupanga pulogalamu ya pa lamya polumikiza tizidutswa. Angathe kumaliza asanakumane ndi aljebra, ngati mphunzitsi sanakonze nchitoyo mwadala. N'cifukwa cace a Bootstrap amaphunzitsa aphunzitsi a masamu eniake, ndipo ana amayamba alemba zitsanzo ndi malamulo papepala asanakhudze makina.

Mfundo imeneyi ikukhudzanso Zambia. Phunziro la kompyuta linalowa m'magiredi 8 ndi 9 potsatira ndondomeko ya maphunziro ya 2013. Pa mayeso oyamba mu 2015, ana m'masukulu ena analemba mpaka usiku cifukwa ca kucepa kwa makompyuta ndi kuzima kwa magetsi.

Makina ndi ofunika, koma kugula makina okha sikukwanira. Pamene ana ambiri akudalira kompyuta imodzi, njira yoyambira papepala imapatsa aliyense cocita. Cotsala ndi kuphunzitsa mphunzitsi wa masamu, pakuti ndiye angaonetse mwana kuti x wa pabolodi ndi yemweyo amene akuyendetsa sewero lace.