Malo a Nyumba za Anthu Wamba Kumpoto kwa Lilongwe

Munthu amene aimirira pa msewu waukulu pafupi ndi Kanengo m'mbandakucha amaona khamu la anthu likutuluka m'njira zochokera ku Area 25, ku Mgona ndi ku Senti, ena pansi, ena pa kabaza, ena atapanikizana m'maminibasi. Mwa iwo muli alonda, amisiri, antchito a m'mafakitale ndi a ku msika wa fodya, aphunzitsi ndi amayi a geni; ndipo ochuluka a iwo sagona m'nyumba zawozawo, koma m'zipinda za lendi zomangidwa kuseri kwa nyumba za anzawo. Funso limene lili pamaso pa Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe ndi Unduna wa za Malo ndi ili: anthu amenewa, pamodzi ndi ana awo amene posachedwa adzafuna kumanga mabanja, adzapeza kuti malo okhala amene matumba awo angathe kulipira?

Kukula kwa nkhaniyi kumaoneka bwino m'mawerengero a kalembera. M'chaka cha 1966 Lilongwe anali tauni yaing'ono ya anthu osakwana 20,000. Likulu la dziko litachoka ku Zomba m'chaka cha 1975, kalembera wa 1977 anapeza anthu pafupifupi 99,000. Pofika 2008 anali pafupifupi 670,000, ndipo m'chaka cha 2018 anawerengedwa anthu 989,318. M'zaka khumi zomalizazo mzindawu unkalandira anthu oposa 30,000 chaka ndi chaka, ena obadwira momwemo, ena ochokera kumidzi. Ngati banja limodzi lili ndi anthu anayi kapena asanu, ndiye kuti chaka chilichonse pamafunika denga la mabanja atsopano apakati pa 6,000 ndi 8,000. Palibe bungwe lililonse m'dziko muno limene linamangapo nyumba zochuluka chotero m'chaka chimodzi.

Awerengi achikulire adzakumbukira kuti pachiyambi panali dongosolo. M'chaka cha 1968 Boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange likulu latsopano, ndi ngongole yochokera ku South Africa. Mzinda unagawidwa m'zigawo zinayi, Old Town, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi, ndipo malo onse anapatsidwa manambala amene anthu akuwatchulabe lero. Akuluakulu anapatsidwa mapuloti aakulu ku Area 10, 12 ndi 43. Kwa anthu wamba kunapatulidwa malo otchedwa Traditional Housing Areas, ndipo Area 25 ndi amodzi a malo otere, oyandikana ndi mafakitale a ku Kanengo.

Kachitidwe kake kanali kosavuta. Boma silinkamanga nyumba. Linkatumiza anthu oyeza malo kukakhoma zikhomo, kulambula misewu, kusiya malo a sukulu, msika ndi chipatala, ndi kufikitsa madzi pa mpopi wa onse. Munthu atapatsidwa puloti yake ankaumba yekha zidina, nafolera ndi chimene anali nacho, nalipira kandalama kochepa pachaka. Akapeza bwino ankaika malata, kenaka simenti, kenaka zipinda ziwiri kuseri zoti azilandirapo lendi. Dongosololi linali ndi chilema chake, pakuti linaika osauka kutali ndi maofesi, kotero kuti amene amalandira zochepa ndiye amene amalipira zambiri paulendo. Koma ubwino wake unali wakuti msewu unkafika nyumba isanafike. Aliyense amene ayenda m'mizere yakale ya Area 25 angathe kuona kuti galimoto ya odwala imafika pakhomo.

Bungwe lomanga likulu lija linathetsedwa m'chaka cha 1984. Malo a anthu wamba anapita m'manja mwa Malawi Housing Corporation, bungwe limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anaperekedwa ku makhonsolo a mizinda. Kuyambira pamenepo ntchito yodula mapuloti atsopano inayamba kutsalira m'mbuyo mwa chiwerengero cha anthu. Chifukwa chake chachikulu ndi ndalama: kuyeza malo, kupereka chipukutamisozi kwa eni minda, kulambula msewu ndi kukumba ngalande zonsezi zimafuna kulipiridwa puloti isanagulitsidwe, pamene msonkho umene khonsolo imatolera ndi wochepa.

Anthu sanakhale pansi kudikira. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo munthu amene dzina lake lakhala zaka pa mndandanda wa odikira amapita kwa mfumu ya m'malire mwa mzinda, kapena kwa mwini munda, nagula kachigawo, namanga sabata yomweyo. Umu ndi mmene anakulira Mgona, Senti, Mtandire, Kauma ndi Chinsapo. Lipoti la bungwe la UN-Habitat la chaka cha 2011 linanena kuti pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse a mu Lilongwe anali kukhala m'malo osayezedwa otere. Kuwatcha anthu onsewa oswa lamulo sikuthandiza kanthu, pakuti ndiwo ochuluka, ndipo ndiwo amene amayendetsa ntchito za mzinda.

Komatu mtengo wa kumanga kopanda dongosolo umalipiridwa pambuyo pake, ndipo umalipiridwa ndi osauka omwewo. Kumene nyumba zinafika msewu usanafike, a Lilongwe Water Board amasowa poyala mapaipi popanda kugwetsa khoma la wina, ndipo chimbudzi chimakumbidwa pafupi ndi chitsime chifukwa malo ndi omwewo. Amene asowa pena paliponse amamanga m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje. Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira nuwononga nyumba ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, unasautsa kwambiri Lilongwe, makamaka madera othithikana amene madzi abwino ndi osowa.

Ena amati mankhwala ake ndi akuti Boma limange nyumba zambiri zoti anthu azichita lendi kapena kugula. Mawuwa ndi okoma m'khutu, koma masamu ake ndi ovuta. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 alionse mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 alionse mu November 2023, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera motsatira. Mu February 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 pa 100 alionse. Pa chiwongoladzanja chotere nyumba yomalizidwa ya ngongole ya banki ndi ya anthu owerengeka a malipiro aakulu, ndipo mlonda wa ku Kanengo sangaiyandikire. Nyumba za Malawi Housing Corporation zili ndi ntchito yake, koma sizingakwanire mabanja onse osowa nyumba. Ndalama imene ingamange nyumba imodzi yomalizidwa ingathe kufikitsa msewu ndi madzi ku mapuloti ambiri; chotero pamene chuma chili chochepa, nzeru ili pa puloti.

Umboni wa zimenezi uli ku Area 49 komweko. M'chaka cha 2003 magulu a anthu osauka a m'tauni, ochuluka mwa iwo amayi, anayamba kusonkha tindalama tsiku ndi tsiku, nakhazikitsa chitaganya cha Malawi Homeless People's Federation mothandizidwa ndi bungwe la CCODE. Anatsegula thumba la ngongole limene analitcha Mchenga, dzina lokumbutsa kuti timchenga ting'onoting'ono tikaunjikana timamanga nyumba. Akuluakulu a mzinda anawapatsa mapuloti oposa 200 ku Area 49, ndipo anavomera zinthu ziwiri zimene malamulo a nthawiyo sankalola msanga: kuti mapuloti akhale aang'ono kusiyana ndi a masiku onse, ndi kuti makoma akhale a zidina pa maziko olimba. Eni ake anaumba njerwa okha, natunga madzi okha, nalemba amisiri pa ntchito zokhazo zimene sakanatha. Nyumba zinaimirira m'nthawi yochepa, ndipo ntchito yofanana nayo inachitikanso ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Sizinayende zonse bwino, pakuti kubweza ngongole kunavuta kwa ena, ndipo mapuloti mazana awiri ndi dontho chabe poyerekeza ndi chosowacho. Koma chimene chinaoneka ndi chakuti mtengo wa nyumba umatsika kwambiri pamene olamula afewetsa muyezo wa puloti ndi wa zomangira. Lamulo lofuna puloti yaikulu ndi khoma la simenti limaoneka ngati likuteteza ulemu wa mzinda, pamene kwenikweni likukankhira anthu kudambo.

Nkhani ya zomangira yakulanso chifukwa cha mitengo. Njerwa zootcha zatha nkhalango zozungulira mzinda, kufikira ku Dzalanyama kumene kumachokera madzi a Lilongwe, ndipo malamulo a 2018 analetsa njerwa zotere pa zomanga za Boma ndi za malonda. Mmphawi amene sangathe kugula mabuloko a simenti ayenera kuloledwa njira ina yovomerezeka.

Palinso anthu amene okonza mapulani amawaiwala kawirikawiri, ndiwo a lendi. Mnyamata amene wangoyamba ntchito safuna puloti. Afuna chipinda chouma, chokhala ndi chimbudzi ndi madzi pafupi. Zipinda zotere m'Lilongwe zimamangidwa ndi eni mapuloti ang'onoang'ono, akazi amasiye ndi opuma pa ntchito, osati makampani. Pulani yanzeru iyenera kuwawerengera anthu amenewa, kuwalola kuwonjezera zipinda, koma kuwakakamiza kuti chiwerengero cha zimbudzi chilingane ndi cha mabanja. Ndipo pogawa mapuloti atsopano pafunika maso, pakuti malo opatulidwira osauka amakopa madobadoba ndi anthu a ndalama amene amagula asanu n'kuwamangira mpanda, kudikira kuti mtengo ukwere. Mndandanda wa olandira ukamapachikidwa poyera, ndipo puloti yosamangidwa ikamalandidwa nthawi yake ikatha, chinyengo chotere chimachepa.

Zida za lamulo Boma lili nazo. Pulani yaikulu ya mzinda, imene inakonzedwa m'chaka cha 2010 mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, inayang'ana kufikira chaka cha 2030. Malamulo a za malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anaika dziko lonse pansi pa dongosolo la mapulani, napereka njira yolembetsera malo a makolo. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, anatchula kukula kwa mizinda monga imodzi ya nsanamira zake zitatu. Chotsala ndi kufulumira, ndiponso kumvana ndi mafumu ndi eni minda, amene sangaletsedwe kugulitsa ngati sapatsidwa gawo loyenera. Njira imodzi ndi yakuti khonsolo iyeze munda wonse, itengepo malo a misewu ndi sukulu, ndipo mwini munda abwezeredwe mapuloti oyezedwa amene mtengo wake uposa wa munda wosayezedwa.

Kumpoto kwa Area 25, kulowera ku Lumbadzi ndi ku bwalo la ndege, kudakali minda ya chimanga imene zikhomo za oyeza malo zingakhomedwe popanda kugwetsa nyumba ya munthu. Chilimwe chilichonse mauvuni a njerwa amafuka m'mphepete mwa mindayo, ndipo mvula ikamayamba pamakhala pataima makoma atsopano pamene pakanadutsa msewu.